Munda Wolendewera pa Chingwe

Mnzanga wina amene amaphika mu lesitilanti ina ku Cape Town anandibweretsera kaphukusi pamene ankabwera kudzaona makolo. Nditamasula ndinapeza chinthu chouma gwa, chakuda mobiriwira, chopindidwa ngati lamba wakale, pamwamba pake pali mbuu ngati pawazidwa ufa. Ndinatenga kansalu konyowa kuti ndipukute, poganiza kuti chachita chuku m'njira. Anandigwira dzanja. "Achimwene, musachotse zimenezo. Talawani kaye." Ndinanyambita. Poyamba kamchere, kenako kutsekemera kwapatalipatali kumene kunatsalira palilime. Tinadula kachidutswa kochepera chikhatho n'kukaviika m'madzi ozizira, ndipo theka la ola lisanathe kanali katafufuma mpaka kudzaza mbale, kochindikala, koterera, konunkhira nyanja yamchere.

Ku Japan chomerachi amachitcha kombu. Ku China amati haidai, kutanthauza lamba wa m'nyanja. Pa Chingerezi ndi kelp, ndipo akatswiri a zomera amalemba Saccharina japonica. Bungwe la FAO linawerengera kuti mu 2019 dziko lapansi linakolola matani opitirira 12 miliyoni a kelp wa mtundu umenewu, wambiri wochokera m'minda ya ku China. Ndati minda, chifukwa ndi wolimidwa. Ufa woyera uja, kuchindikala kwa tsamba lija, ngakhale kukoma kwa msuzi umene tinamwa madzulo a tsikulo, zonsezo zinachokera ku zimene munthu wina anasankha ali m'boti, manja ali zii ndi chisanu, akumasula mfundo ya chingwe n'kuimanganso pena. Luso la munthu ameneyo ndi limene landigwira mtima.

Kuti lusolo lioneke, tiyambe tadziwa khalidwe la chomeracho. Kelp ndi wa m'banja la ndere, ngakhale msinkhu wake ungakupusitseni, poti pa chingwe cha mlimi tsamba limodzi limafika mamita 2, 3, nthawi zina kuposerapo. Kumunsi kwake kuli timizu tonga zala, koma timizuti sitiyamwa kanthu, ntchito yake n'kugwira mwala basi. Chakudya chonse chimalowera pakhungu la tsamba kuchokera m'madzi amene akulidutsa. Tsambalo limakulira kutsinde, pamene lakumana ndi kaphesi kake, monga chikhadabo chimakulira. Kunsonga ndiye kwakale, kumanka kuperepeseka n'kumadukaduka pamene kutsinde kukutuluka latsopano. Kutentha sagwirizana nako. Amasangalala madzi akakhala pakati pa madigiri 5 ndi 10, ndipo akapitirira 20 amaleka kukula n'kuyamba kuola. N'chifukwa chake simungamupeze kugombe la Mozambique, kapena ku Zanzibar kumene amayi amalima ndere za mitundu ina zokonda madzi ofunda. Abale athu a ku Cape Town anamuonapo msuweni wake, uja wa mapesi aataliatali ngati mapaipi amene mafunde amamulavulira kumtunda ku Sea Point ndi ku Kommetjie, kumene madzi a Benguela amazizira chaka chonse.

Tsono taganizani za mlimi wopanda nthaka, wopanda khasu, amene sangaunde mzere kapena kuthirira. Madzi amene akudyetsa mbewu yake m'mawa, madzulo ali kwina. Zotsala m'manja mwake n'zowerengeka: malo a m'nyanja amene asankhe, kuya kumene apachike mbewu, kutalikirana kwa mbewuzo, tsiku loyamba ndi tsiku lokolola. Ulimi wonse wagona pamenepo, ndipo chida chake chachikulu ndi chingwe.

Ku China kelp si mbadwa. Kwawo ndi kumpoto kwa Japan, makamaka pachilumba cha Hokkaido, ndi magombe a Russia oyandikana nacho. Kwa zaka mazanamazana anthu a ku China ankamugula wouma kuchokera kunja, ndipo asing'anga awo ankamudziwa ngati mankhwala a chotupa cha pakhosi. Mu 1927 anapezeka atamera yekha padoko la Dalian, atabwera mobisala ndi zombo zochokera ku Japan. Oyamba kumulima ankaponya miyala m'nyanja kuti azimerapo monga amachitira kwawo. Zokolola zinali zochepa, pa chifukwa chosavuta kumva: mbewu ya pamwala imakhala pamene mwala wagwera. Pansipo pakachita mdima, kapena matope akavunduka, mlimi amangoyang'ana.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1950 ku Qingdao, m'chigawo cha Shandong. Alimi pamodzi ndi akatswiri, wodziwika kwambiri pakati pawo ndi Tseng Cheng-kui amene anabadwa mu 1909 n'kumwalira mu 2005, ananyamula munda pansi pa nyanja n'kuupachika m'mwamba. Anayala chingwe chachikulu cha mamita ngati 60 pamwamba pa madzi, n'kuchimangirira zoyandamitsa, kale nsungwi ndi mipira ya galasi, lero mipira ya pulasitiki. Uku ndi uku anachikoka ndi zingwe zina zopita ku zikhomo zokhomedwa pansi pa nyanja. Pa chingwe chachikulucho anapachika tizingwe ta mamita awiri, kalikonse kali ndi mbewu pafupifupi 30 ndi kamwala kunsonga kuti kazilendewera mowongoka. Kungoyang'ana, n'zinthu zoti ndi mwana yemwe angamange. Koma kuyambira pamenepo mlimi anakhala ndi ulamuliro pa kuwala kumene mbewu yake ilandire, chinthu chimene mlimi wa kumtunda alibe.

Mmera mpoyamba, ndipo nazale ya kelp ndi yodabwitsa kuposa munda wake. Kelp sachita maluwa, alibenso njere. Akakhwima, patsamba pamatuluka zigamba zoderako, ndipo m'zigambamo mumachoka timbewu tosaoneka ndi maso, tosambira ndi timichira. Kambewu kakamatirira pa chinthu sikasanduka kelp nthawi yomweyo. Kamayamba kakhala kachomera kena kakang'onong'ono, kachimuna kapena kachikazi, ndipo mwana wa tiwiriti ndiye amadzakhala lamba uja. Poyamba alimi ankatolera timbewuti m'nyengo imene nyanja yayamba kuzizira, cha mu Okutobala. Vuto linali lakuti nthawi yomweyo ndere zina zimamera pazingwe, zofulumira kukula, n'kuphimba mbande zisanaone dzuwa. Cha mu 1955 gulu la Tseng linapeza njira yozembera udzu wa m'madziwu. Anatolera timbewu kumayambiriro kwa nyengo yotentha, n'kutisunga miyezi yonse yotentha m'nyumba za galasi, m'madzi a m'nyanja oziziritsidwa ndi makina kuti asapitirire madigiri 10. Pofika Okutobala, nyanja itatsika pansi pa madigiri 20, mbande zinali zitafika kale sentimita imodzi kapena awiri. Zinalowa m'nyanja zili zamphamvu kuposa ndere zopikisana nazo, ndipo zinapindula miyezi pafupifupi iwiri ya kukula.

Ntchito ya m'nyumba za galasizi imafuna munthu wodekha. Amasankha masamba a makolo, otambalala, ochindikala, a zigamba zakupsa. Amawadula m'mbali, kuwatsuka, n'kuwayanika pamthunzi maola angapo kuti afote pang'ono. Kenako amawaponya m'madzi ozizira. Kudzidzimuka kumeneko ndi kumene kumatsegula zigamba, ndipo madzi amene anali mbee amayamba kuchita chikasu ndi timbewu mamiliyoni. Mmenemo amamizamo mafelemu okulungidwa ndi tizingwe. Munthu amakhala pambali ndi kagalasi ndi maikulosikopu, kuwerenga timbewu timene tamatirira, ndipo tikakwana amavuula mafelemu msanga, poti tikachulukitsa mbande zidzaphana zokhazokha. Ngakhale chingwecho chili ndi mwambo wake. Cha kale chinali cha ulusi wa mtengo wa kanjedza, ndipo asanachigwiritse ntchito ankachipuntha, kuchiviika ndi kuchiwiritsa mpaka ululu wonse wa mtengo utatuluka, chifukwa kambewu kakang'ono chotere sikangapirire ngakhale kaululu kochepa. Miyezi yotsatira amasuntha makatani a padenga kuti kuwala kuziwonjezeka pang'onopang'ono, ndipo amapopera madzi pa mbande kuti litsiro lichoke komanso kuti timizu tizolowere kugwira zolimba.

Mbande zikakhala m'nyanja masabata angapo n'kufika kutalika kwa chikhatho kapena kuposerapo, nthawi yowokera yakwana. Ino ndi Novembala, ndipo kugombe la Shandong mphepo imaluma. Anthu amakhala m'zisakasa m'mbali mwa nyanja, chingwe chili tantha patsogolo pawo, mbande zili m'mabeseni a madzi amchere. Wowokera amapotokola chingwe kuti ulusi wake uyasame, amalowetsa timizu ta mbande pampatapo, n'kusiya chingwe chibwerere chokha ndi kuluma. Akalowetsa kwambiri apana kaphesi ndi malo amene tsamba limakulira. Akalowetsa pang'ono, funde loyamba lidzazula. Asuntha dzanja pang'ono, apotokolanso, alowetsa ina. Mbande zikwizikwi patsiku, iliyonse payokha, ndipo zonse ziyenera kubwerera m'nyanja mwamsanga mphepo isanaziumitse. Amene anawokerapo fodya kapena mpunga akudziwa mmene msana ndi zala zimamvera.

Apa tsono pafika pamene luso lenileni limaonekera, pa kuwerenga tsamba ndi kusuntha chingwe. Kelp wamng'ono safuna dzuwa lamphamvu, choncho poyamba amamupachika motsikirako. Akamakula masamba amayamba kuphimbana, ndipo chingwe chiyenera kukwera. Koma kuwala kwa m'madzi sikukhazikika. Mphepo ikawomba masiku angapo matope amavunduka, ndipo pamene dzulo panali powala lero pali mdima. Kukachita bata madzi amayera mbee, dzuwa n'kulowa mpaka pansi. Palibe buku limene lingauze mlimi kuti lero atsitse ndi masentimita angati. Amayenera kupalasa boti, kukweza chingwe ndi ngowe, n'kuyang'ana mtundu wa tsamba.

Tsamba labwino ndi lodera kwambiri, lonyezimira, lolimba m'manja. Likayamba kubiriwira m'mbali ndi kufewa, makamaka pa mbewu za kumunsi kwa chingwe, ndiye kuti lasowa kuwala. Alimi a ku China amati kumeneko ndi kuola kobiriwira, ndipo mankhwala ake n'kukweza chingwe. Likayamba kuyezuka kunsonga, kuchoka pa kudera kupita pa chikasu mpaka kuyera, makamaka pa mbewu za pamwamba cha mu Epulo ndi Meyi, ndiye kuti dzuwa lachuluka pamene chakudya m'madzi chatha. Uku ndi kuola koyera, ndipo mankhwala ake n'kutsitsa chingwe ndi kudyetsa mbewu. Matenda awiri otsutsana pa chingwe chimodzi chosapitirira mamita awiri, ndipo chochiza ena ndicho chobweretsa anzake. Palinso achitatu. Mvula yamphamvu ikagwa, madzi opanda mchere ochokera m'mitsinje amayandama pamwamba pa amchere, ndipo tsamba likakhala mmenemo limatuluka matuza n'kubooka. Mlimi wochenjera akaona mitambo amatsitsiratu zingwe kuti zikhale pansi pa madzi a mvulawo.

Nanga poti chingwe cholendewera chili ndi mbewu za pamwamba zodya bwino ndi za pansi zokhala mumdima, achite bwanji? Yankho lake limandisangalatsa chifukwa cha kuphweka kwake. Amachitembenuza. Amamasula chingwe, kumunsi kupita kumwamba, kumwamba kupita kumunsi, kamwala n'kukasamutsa, ndipo amachita zimenezi kangapo pa nyengo imodzi, kachingwe kalikonse pakokha, m'munda wa tizingwe zikwizikwi, ali m'boti logwedezeka m'mwezi wa Januwale. Pambuyo pake ena anaganiza zogoneka tizingweto chopingasa, kuchoka pa chingwe chachikulu china kufika pa chinzake, kuti mbewu zonse zikhale pa kuya kofanana. Njira imeneyi ndiyo yafala kwambiri tsopano, ndipo imayenda bwino kumene madzi amathamanga mokwanira kuti azinyamula masamba ndi kuwayala, kuti lililonse lione dzuwa.

Kuthamanga kwa madzi kuli ndi ntchito inanso. Pakhungu la tsamba pamakhala kamuyalo kopyapyala ka madzi osayenda, ndipo chakudya cha mmenemo chikatha tsamba limagona ndi njala ngakhale nyanja yonse ili ndi chakudya. Madzi othamanga amakokolola kamuyaloko n'kubweretsa atsopano. Amaumbanso thupi la chomera. Kelp wa pamalo a mafunde amakhala wochepa m'lifupi, wochindikala ndi wolimba, pamene wa pamalo abata amatambalala, kupyapyala ndi kuchita makwinya m'mbali. Mbewu imodzimodzi, maonekedwe awiri. Ku Sanggou Bay, pafupi ndi mzinda wa Rongcheng, alimi anayala nyanja yawo motsata nzeru imeneyi. Kelp ali kukamwa kwa gombelo kumene madzi amathamanga, nkhono za oyster ndi scallop zili mkati kwa bata, ndipo pakati amazisakaniza. Zonyansa zotuluka mu nkhono zili ndi nayitirojeni amene kelp amamufuna, ndipo tizidutswa ta kelp timadyetsa nkhono. Komabe anaphunzira kuti minda ikathithikana kwambiri imatchinga madzi omwewo, ndipo mbewu za mkati zimatsalira. Kupatulira kumafunika pachingwe, kumafunikanso panyanja yonse.

Za chakudya, nkhani imene ndimaikonda koposa ndi ya mtsuko. Madzi a m'magombe ambiri a Yellow Sea anali osauka pa nayitirojeni, moti kelp ankakula wotumbululuka ndi wopyapyala. Feteleza analipo, koma mungathire bwanji feteleza m'munda umene ukuyenda? Mukamwaza, funde lotsatira lapita naye. Akatswiri a ku Qingdao, pakati pawo Wu Chaoyuan, anatembenukira kwa oumba mbiya. Anaumbitsa timitsuko tadothi tosapakidwa kanthu, kuthiramo feteleza, kutseka pakamwa n'kutipachika pakati pa mbewu. Aliyense amene anamwapo madzi a mumtsuko akudziwa kuti mtsuko umatuluka thukuta. Thukuta limenelo, lodzaza ndi nayitirojeni, linkatuluka pang'onopang'ono usana ndi usiku pafupi penipeni ndi masamba, ndipo magombe amene ankaoneka ngati osabereka anasanduka minda. M'kupita kwa nthawi anayamba kugwiritsa ntchito timatumba ta pulasitiki toboola ndi singano, ndi kupopera kuchokera m'boti, atazindikira kuti kelp amatha kumeza nayitirojeni wambiri pa kanthawi kochepa n'kumusunga m'thupi kuti adye masiku otsatira.

Kum'mwera, ku Zhejiang ndi ku Fujian, zinthu zinali zotembenuka. Mitsinje ikuluikulu imathira chakudya chambiri m'nyanja, koma madzi ndi amatope ndipo nyengo yotentha kelp sangaipirire. Mbande za m'nyumba yagalasi ndizo zinatsegula njira, chifukwa mbewu inkatha kubisala m'madzi ozizira miyezi yoopsa n'kulowa m'nyanja chisanu chikabwera. Anayamba kuyesa cha mu 1956, n'kumapachika zingwe pafupi ndi pamwamba chifukwa cha matope, ndipo lero Fujian ndi chigawo chimene chimakolola kelp wambiri kuposa zonse m'dzikolo.

Zimene ndafotokozazi zimakathera m'kati mwa tsamba, ndipo tsamba la mu Febuluwale ndi la mu Juni ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale zili pachingwe chimodzi. M'nyengo yachisanu madzi amakhala ndi nayitirojeni wambiri koma dzuwa ndi lochepa. Kelp amatolera nayitirojeniyo n'kusunga, choncho tsamba la nthawi imeneyi lili ndi mapuloteni ndi mchere wambiri poyerekeza ndi kulemera kwake, koma ndi lamadzimadzi. Masiku akayamba kutalika amatsegula nkhokwe ija n'kuthamanga, masentimita angapo patsiku. Kenako nayitirojeni wa m'nyanja amatha, madzi amafunda kupitirira madigiri 13, ndipo kutalika kumachepa. Koma dzuwa likadali lamphamvu, tsamba likupangabe shuga. Poti shugayo alibenso kopita, amaunjikana m'thupi ngati mannitol ndi laminarin, ndipo tsamba limachindikala ndi kulemera. Ufa woyera umene ndinkafuna kupukuta uja ndi mannitol ameneyu, amene amatulukira pamwamba tsamba likamauma. Ndi dzuwa la masabata omalizira, pamene mlimi anakweza chingwe kufupi ndi pamwamba pa madzi kuti mbewu inenepe.

M'masabata amenewa alimi a ku China amachitanso chinthu chooneka ngati kuwononga. Amadula nsonga ya tsamba, pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu. Mlimi amene anadulapo mutu wa fodya kuti masamba alemere amva msanga. Nsonga ija inali yoti iduka yokha n'kutayika m'nyanja. Akaidula amaigulitsa, kuwala kumalowa m'munda, madzi amayenda bwino, ndipo mbali yotsala imachindikala.

Ndiye pamabwera funso la tsiku lokolola, limene yankho lake limadalira wogula. Wofuna kelp wofewa wothira mchere, kapena wodyetsa nkhono za abalone, amamufuna msanga. Wofuna wouma amafuna adikire mpaka Meyi, Juni kapena Julayi, pamene makilogalamu 6 kapena 7 a muwisi amatulutsa kilogalamu imodzi ya wouma. Tsiku lililonse lodikira limawonjezera kulemera, komanso limawonjezera ngozi, poti madzi akutentha, nsonga zikuola, tizilombo tikumanga patsamba ndipo mvula ikuyandikira imene ingaoletse zoyanika. Alimi atsopano a ku Norway ndi ku Scotland, amene amalima mtundu wina wotchedwa Saccharina latissima, akumana ndi vuto lomweli. Kukangoyamba kufunda tizilombo totchedwa bryozoa timayala chikhungwa choyera pamasamba, moti amakakamizika kukolola tsamba lisanafike pachimake cha shuga wake.

Ogula ena ndi mafakitale. Chimene chimapangitsa kelp kupindika ndi funde osathyoka ndi ulimbo wotchedwa alginate, umene E. C. C. Stanford anautulukira ku Britain mu 1881. Ulimbo umenewu mwina munakumana nawo osadziwa, poti ndi umene dokotala wa mano amadindira mkamwa, umapezeka m'mankhwala ena a chilungulira ndi mu ayisikilimu, ndipo osindikiza maluwa pansalu za thonje amakhuthalitsira utoto. Chinanso ndi ayodini. Bernard Courtois anamutulukira mu 1811 m'phulusa la ndere za m'nyanja ku France, ndipo kelp amamukoka m'madzi n'kumuunjika m'thupi kuwirikiza ka zikwi zambiri kuposa mmene alili m'nyanjamo. Ife a kutali ndi nyanja yamchere timamupeza mu mchere wa m'paketi, umene unachepetsa zotupa za pakhosi m'midzi yathu. China inamanga mafakitale ochotsa ayodini, alginate ndi mannitol mu kelp kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo osankha mbewu anatsata zofuna zimenezo. Katswiri Fang Zongxi anali atatulutsa kale mbewu yotchedwa Haiqing No. 1 kumayambiriro kwa zaka zomwezo, ndipo m'ma 1970 kunabwera mbewu za 860 ndi 1170, zosankhidwa chifukwa chobereka kwambiri ndi kuchuluka kwa ayodini.

Ku Japan mtima wa mlimi uli pa kukoma. Mu 1908 Kikunae Ikeda wa ku yunivesite ya Tokyo anapeza kuti chimene chimakometsa msuzi wa kombu ndi glutamate, ndipo kukoma kumeneko anakutcha umami. Ophika a ku Japan amasiyanitsa kombu potengera gombe limene wachokera. A ku Kyoto amakonda wa ku Rishiri chifukwa msuzi wake umayera mbee, a ku Osaka amakonda mtundu wotchedwa makombu wa kufupi ndi Hakodate, ndipo wa ku Rausu amadziwika ndi msuzi wolemera wachikasu. Kombu womera yekha amakololedwa m'chaka chake chachiwiri. Wa chaka choyamba amamutcha mizukombu, kombu wamadzi, chifukwa ndi wopyapyala ndi wosakoma. Tsamba loyambalo limathetheka, ndipo kutsinde kumatuluka lachiwiri, lochindikala, limene anthu amalifuna. Kudikira zaka ziwiri panyanja ya mikuntho n'kuika chuma pangozi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 katswiri Hasegawa Yoshio ndi asodzi a ku Minamikayabe, dera limene tsopano lili mbali ya mzinda wa Hakodate, anakonza njira yofupikitsa nthawiyi. Amafesa msanga m'matanki a madzi odyetsedwa bwino, kupititsa mbande kunyanja chisanu chikungoyamba, kupatulira mosaumira m'miyezi yozizira mpaka pamfundo iliyonse patatsala mbewu zowerengeka, kukweza zingwe pang'onopang'ono, n'kukolola mu Julayi ndi Ogasiti kombu wa chaka chimodzi woyandikira wa zaka ziwiri. Sanasinthe mbewu. Anasintha nthawi, mpata ndi kuwala.

Kumtunda ntchito siitha. Maboti amatuluka kusanache, ndipo banja lonse limadikira pagombe kuti litsuke ndi kuyanika. M'madera ena a Hokkaido amayanikabe pabwalo la timiyala, tsamba lililonse palokha, ndipo amafuna liume tsiku lomwelo chifukwa likanyowanso mtundu ndi fungo zimatsika. Likauma amalifewetsa pang'ono ndi chinyezi, kuliwongola, kudula m'mbali ndi sizasi, n'kusankha magiredi potengera kulemera, kutambalala, mtundu ndi zipsera. Amalonda ena a ku Tsuruga amasunganso kombu m'nyumba zamdima chaka kapena kuposerapo kuti fungo la nyanja lichepe, kukoma kukhazikike.

Pali zimene chingwe sichingathe. M'nyengo ya 2021 mpaka 2022 minda yambiri ya ku Rongcheng inaola mbewu zikadali zazing'ono. Ofufuza anapeza kuti tizomera ting'onoting'ono tofiiritsa madzi tinachuluka modabwitsa n'kumaliza fosifeti wa m'nyanja, kelp n'kutsala wopanda chakudya. Kufupi ndi Hakodate makombu womera yekha wachepa kwambiri m'zaka zaposachedwa pamene nyanja ikunka nifunda, ndipo mabanja a kumeneko tsopano akudalira wa pachingwe. Mlimi angatsitse mbewu kuthawa dzuwa, angaitsitse kuthawa madzi a mvula, koma nyanja yonse ikafunda alibe kotsitsira. N'chifukwa chake osankha mbewu ku China, ku Korea ndi ku Japan akulimbana ndi kupeza kelp wopirira kutentha.

Inu amene mungamupeze m'sitolo ya zakudya za ku Asia, kaya ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku London, sankhani wochindikala, woderako bwino, wouma gwa. Mchenga muuchotse ndi kansalu kouma. Muviike m'madzi ozizira, mutenthetse pamoto wochepa, ndipo mumuvuule madzi asanawire, chifukwa akawira msuzi umaterera ndi kuwawa. Kachidutswa kakang'ono n'kokwanira mphika wonse, ndipo musamudye tsiku ndi tsiku poti ayodini wake ndi wambiri. Amene ali ndi vuto la chithokomiro ayambe afunsa dokotala. Ufa woyera uja muusiye.